Kodi Zibwera pa Mayeso, Agogo?

Ha, adzukulu anga, adzukulu anga! Senderani kuno, khalani pamphasapo, ndipo tinthu tanu towalato muyambe mwatiika chafufumimba, pakuti lero ndatsuka m'kamwa, ndipo amene wamva kale njala angopirira. Ndakhala chete nthawi yaitali. Ndinkati mwina n'chibwana, adzasintha akamera ndevu. Ndevu zamera, ena mpaka mwayamba kuzimeta, atsikananu mwafika poti akuchimuna ayamba kufunsa njira yobwerera kuno, koma nthenda ija ili pompo. Galu wamkota sakandira pachabe. Mlandu wanu ndi umodzi, ndipo ndaugamula kale ndisanakufunseni n'komwe: simuwerenga.

Musanditong'olere maso. Ndikudziwa chimene chili pamlomo panu, chakuti agogo, ophunzira ndife, satifiketi ya fomu 4 tili nayo, mmodzi wa ife ali pa yunivesite ya MUST pa Ndata pompano, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014 inu muli pakhonde panu pomwepa. Inde, ndamva. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, mwana wa m'komboni aliyense amalowa m'kalasi, ndipo zilembo mumazidziwa kutiposa ife amene tinaphunzira polemba ndi chala pansi. Koma ine sindikunena kuwerenga kotumidwa ayi. Ndikunena kuwerenga kopanda mphunzitsi kumbuyo, kopanda malikisi kutsogolo, kumene munthu amaiwala nako kuti nsima yazizira chifukwa mtima ukufuna kumva kuti kenako chinachitika n'chiyani. Inu munthu akakupatsani buku, musanaone n'komwe dzina la mlembi, funso lanu ndi lomwe lija: "Kodi zibwera pa mayeso, agogo?" Kuwerenga kwanu n'kwa waganyu wa m'dzinja, amene esiteti imamulemba mvula ikagwa tiyi ataphuka, n'kumuchotsa mvula ikakata. Mayeso a MANEB akayandikira muli pamzere ndi dengu kumsana. Akangotha, mabuku kudenga, mbewa ndi chiswe n'kumapitiriza maphunziro m'malo mwanu.

Mudzati tsobola wakale sawawa. Nenani, pakamwa ndi panu. Koma mverani kaye mmene zinkakhalira.

Ine agogo anu ndinali kalaliki wa pasikelo. Ntchito yanga inali kulemba kulemera kwa masamba amene munthu aliyense wathyola, poyamba m'mapaundi, pambuyo pake m'makilogalamu, tsiku lonse maso ali pa manambala, kapitawo akukuwa uko, mvula ikunditsira m'khosi uku. Mungaganize kuti munthu wotereyu madzulo sangafunenso kuona pepala. Komatu ndiyo nthawi imene tinkalifunitsitsa. Malipiro akatuluka tinkasonkherana matambala, mmodzi wa ife n'kukwera basi ya UTM wa ku Limbe kapena ku Blantyre, kukazungulira ku CLAIM, ku Malawi Book Service ndi ku Times Bookshop, n'kubwerako ndi buku limodzi kapena awiri, ndi magazini ya Moni ya ansembe a Montfort pamwamba pake. Nyuzi ya Boma Lathu inkafika yaulere, ndipo sinkafika pokulungira usipa isanadutse m'manja mwa anthu a mzere wonse. Ku Makwasa, pa Malamulo pamene a Seventh-day Adventist anakhazikika mu 1902, anali ndi makina awoawo osindikizira mabuku, ndipo ogulitsa mabuku a mpingowo ankayenda khomo ndi khomo, osatopa, osakhumudwa ngakhale galu awauwe. Buku likafika pakomboni tinkayamba talikutira ndi pepala la thumba la simenti, pakuti ulendo wake unali wautali: nyumba iyi sabata ino, nyumba iyo sabata yamawa, kuwoloka mtsinje kupita kukomboni ina, n'kudzabwerako miyezi itapita likununkha utsi, mafuta a nyali ndi fodya, koma masamba onse ali momwemo. Onse, ndikutero. Kupatsa n'kuika, ndipo wong'amba buku la mnzake ankadzitsekera yekha khomo.

Ndipo sitinkawerenga chamumtima, aliyense kukhoma lake, monga mmene mumakhalira inu, anthu asanu m'chipinda chimodzi koma osamvana ndi kupuma komwe. Ambiri mwa othyola tiyi a nthawi imeneyo sanapite kusukulu, choncho wodziwa zilembo anali ndi ngongole kwa anzake. Usiku wa Juni kapena Julayi, chiperoni chitaphimba phiri la Thyolo, mabulugamu akudontha, tinkaunjikana m'nyumba imodzi mozungulira moto, koloboyi ali pampando, wowerenga n'kutsokomola kaye kuti onse akhale chete. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndikuuzeni kuti ngakhale buku silisenzedwa bwino ndi mutu umodzi.

Mmenemo ndi mmene tinamudziwira Nthondo. Buku limeneli analemba ndi a Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1933 litapambana pampikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo a T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Koma anthu a m'nyumba muja za mpikisano analibe nazo ntchito. Iwo ankamuzenga mlandu Nthondoyo. Akaba, amayi ankawomba m'manja n'kumati mwana uyu anamulera ndani. Akanyamuka ulendo wa ku Halale, nkhalamba imene inayendako inkaimitsa wowerenga kuti ifotokoze kaye za njira, za njala ndi za minga, mpaka ena kuikalipira kuti mudzatiuza mawa, lekani buku liyankhule. Alomwe ndi Amang'anja a kuno ankaseka kayankhulidwe ka Achewa a chigawo chapakati, koma kuseka kwake kunali kwa pachibale. Atafika pokhala mfumu ndi kutembenuka mtima, mkangano unabuka woti kodi munthu woipa chotero angasinthedi, ndipo mkanganowo unapitirira m'munda m'mawa mwake, mzere ndi mzere, madengu ali kumsana. Chimodzimodzi Sikusinja ndi Gwenembe wa a John Gwengwe, nkhani ya m'bale wopha m'bale wake chifukwa cha chuma, mbalame n'kudzaulula: usiku umenewo panali amuna akuluakulu amene anakana kutuluka okha kukataya madzi. Kukula ndi Mwambo, wa a Gwengwe omwewo, anatikumbutsa zimene ena tinayamba kuzitaya. Panali Kalenga ndi Mnzake wa a Josiah Phiri, panali Kokha Mcheperawakalulu wa a E.J. Chadza, panali mabuku a a E.W. Chafulumira, ndipo ana anga, makolo anuwa, atakula anadzatibweretsera Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a a Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta a a Jolly Max Ntaba.

Inu Nthondo yemweyo, amene munakumana naye kusukulu, munakumana naye m'timapepala ta manotsi togula pamsika, tokuuzani kuti mutu wakuti phunziro lake ndi lakuti, mpangankhani wamkulu khalidwe lake ndi lakuti. Munalemba mayeso, ena munakhoza, koma munthuyo simunamuone nkhope. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Musaganize kuti tinkangowerenga za ulemu ndi za kumwamba zokhazokha, ayi ndithu. Anyamata odziwa Chingerezi a muofesi ndi m'fakitale ankabwerekana mabuku a James Hadley Chase mpaka chikuto kutha, atsikana a sekondale ankabisa a Mills & Boon pansi pa pilo, ndipo itafika nyengo ya ma Pacesetters, ndi a Aubrey Kalitera amene ankasindikiza okha mabuku awo monga Why Father Why, panalibe mnyamata wodzitcha wotsogola amene analibe buku m'thumba la kumbuyo. Zina zinali nkhani zachabechabe, ndikuvomera. Koma wozolowera kutafuna zofewa tsiku lina amaluma cholimba. Ndipo zonsezi zinkachitika m'masiku amene bungwe la boma lounika mabuku ndi mafilimu, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, linkaletsa mabuku ambirimbiri, moti buku lina ukalipeza unkayamba wasuzumira pawindo usanalitsegule.

Tsopano mmodzi wa inu anandiuza tsiku lina, mosaphethira n'komwe, kuti agogo, ifenso timawerenga nkhani, zili pa Facebook. Ndinati ndione. Ndinapeza nkhani ya mtsikana amene ali ndi zibwenzi zitatu ndi apongozi amfiti, gawo 47, ndipo gawo 48 silinabwere mpaka lero chifukwa mlembi bandulo inamuthera. Muli pakati pa nkhaniyo uthenga wa WhatsApp walowa, mwathamangirako. Musanauyankhe wina akuvina pa TikTok, mwathamangirako. Pobwerera mwaiwala kuti apongozi aja anali a ndani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adzukulu anga, ndipo kudekha n'kumene kanthu kanuko kanakulandani poyamba, kasanakulandeni ndalama ya mayunitsi.

Koma zopeka tizisiye apo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mabuku amene munthu amalemba za moyo wake, pakuti m'menemo mkulu amakhala nawe pansi n'kukuuza zimene anaona ndi maso ake, popanda kukutuma madzi kapena kukukalipira monga ndikuchitira inemu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ena mwa madambo amenewo ali m'mabuku. Kodi a Legson Kayira munawamvapo? Mnyamata wa kumpoto amene mu 1958 ananyamuka wapansi kufuna maphunziro ku America, atanyamula Baibulo ndi buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu, nayenda mpaka ku Uganda, kumene anapeza dzina la sukulu ya Skagit Valley m'buku la mulaibulale ya ku Kampala, nafika ku Khartoum mu 1960 asanakwere ndege. Analemba zonsezi mu I Will Try, buku la mu 1965. Inu kuchoka pano kupita pa Bvumbwe mumafuna kabaza, ndipo mumadandaula kuti mpando wake ndi wolimba. A William Kamkwamba mumawadziwa, inde, chifukwa munaonera filimu ya mu 2019. Koma kodi munaona chimene chinapulumutsa mnyamata uja? Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, ankapita kulaibulale yaing'ono ya pa Wimbe ku Kasungu, popanda womutuma, popanda mayeso omudikira, n'kupezamo buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Akanafunsa funso lanu lija, bwenzi kwawo kuli mdima mpaka pano.

Nanga a Vera Chirwa, amene anakhala m'ndende zaka pafupifupi 12, amuna awo a Orton n'kufera m'ndende ya Zomba mu 1992, iwo n'kutuluka mu 1993, nalemba Fearless Fighter? Nanga a Sam Mpasu, amene anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1975 chifukwa cha kabuku kawo ka Nobody's Friend, nadzafotokoza zonse mu Political Prisoner 3/75? Nanga a Jack Mapanje, amene anakhala ku Mikuyu komweko kuyambira 1987 mpaka 1991, nalemba And Crocodiles Are Hungry at Night? Inu mumakangana za ndale pamagolosale mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, wina kuti kale kunali bwino, wina kuti kale kunali moto, koma mboni zimene zinalemba umboni wawo simunazifunse ndi kamodzi komwe. Safunsa anadya phula. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndipo apa ndiye mpamene ndimafuna kufika, ngakhale ndazungulira, pakuti khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Mwaona kuti onse ndatchulawa ndi a kwina? Nanga za kuno ku Thyolo adzalemba ndani? Makolo a ambiri a inu anatsika kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nafika pa malo amene anali kale m'manja mwa azungu, nalipira malo okhala ndi thukuta lawo, thangata, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Minda ya tiyi imene alendo amaima pamsewu kuti aijambule, ya Satemwa imene inayamba mu 1923, ya Conforzi, ya Naming'omba, ya Makandi ndi inzake, inadzalidwa ndi manja a anthu amene maina awo anangolembedwa m'mabuku a malipiro, ndipo ena mwa mabukuwo ndinalemba ndine. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, pamodzi ndi mphekesera za chifwamba, unayatsa moto umene unafalikira m'maboma ena a kum'mwera, anthu atakwiya kale ndi thangata ndiponso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba chaka chomwecho, ndipo anthu 11 anafa. Mukafuna nkhani imeneyi lero mukaipeza m'buku la a John McCracken, A History of Malawi, la mu 2012, mzungu wa ku Scotland amene anaphunzitsapo ku Chancellor College. Tiwathokoze, anagwira ntchito. Koma pagule fumbi ndiwe mwini. Lili kuti buku la mayi amene anathyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira ali namwali mpaka msana kupindika, mwana ali kumbuyo, dengu lili pamwamba pa mwanayo? Lili kuti la mlonda, la kapitawo, la wofota masamba m'fakitale usiku? Amene anaziona zimenezi ambiri sankadziwa kulemba, ndipo akupita mmodzimmodzi, mwezi uliwonse timakataya wina. Odziwa kulemba ndinu. Koma munthu amene sanawerengepo mbiri ya moyo wa mnzake sangadziwe n'komwe kuti nkhalamba imene imamutuma fodya ili ndi nkhani yoyenera pepala.

Ndipumeko kaye. Ee, ukalamba.

Tsopano za mabuku a zophikaphika, ndipo anyamata musaseke, pakuti makhukhi otchuka a m'nyumba za mabwana a maesiteti anali amuna. Malume anga anali mmodzi wa iwo. Kuwerenga sankadziwa, koma dona akawawerengera kamodzi kuti ufa makapu akuti, mazira akuti, batala wochuluka chakuti, zinkakhazikika m'mutu mpaka imfa, ndipo kutentha kwa uvuni wa chitofu cha nkhuni ankakuyeza ndi mkono. Patapita zaka ankatha kuuza dona kuti apa buku lanama, n'kukhaladi kuti lanama. Mu 1974 kunatuluka The Malawi Cookbook, lolembedwa ndi amayi atatu, Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, ndipo chimene chinatidabwitsa ife n'chakuti pambali pa makeke ndi masupu a kwawo, analembamonso kaphikidwe ka ngumbi, ziwala, nkhululu ndi ana a njuchi. Tinaseka, kuti onani azungu alemba ngumbi m'buku. Lero sindiseka, chifukwa iwo analemba, ife ayi.

Anganga anuwa, amene akunamizira kusankha nandolo uko koma makutu ali kuno, anaphunzira kuwerenga ali ndi ana kale, kusukulu ya kwacha, ndipo ali ndi kope limene ankalembamo zimene alangizi a zapakhomo ankaphunzitsa amayi. Kopelo sankalitsegula pophika pokha ayi. Ankaliwerenga pongofuna kusangalala, makamaka mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, ndiwo zili nkhwani m'mawa nkhwani madzulo. Ankawerenga mokweza za keke yofuna mazira asanu ndi limodzi pamene pakhomo pali nkhuku imodzi, nayonso yosaikira, ana n'kumameza malovu, tonse n'kumakangana kuti tikadzalemera tidzayamba ndi iti. Kulemera sikunabwere, koma pa Khirisimasi keke inkatuluka ndithu, yophikidwa mumpoto, makala pansi makala pachivundikiro. Ndipo chigumu chawo cha nthochi za ku Thekerani ndi ku Molere, masiku amene matenda a chisaka anali asanapulule nthochi za boma lino, chinkaitana anthu a mzere wachitatu popanda mthenga. Inu mukafuna kuphika mumaimika foni pambali pa mbaula, mzungu wa ku America akuthamanga kuyankhula za tchizi chimene simunachionepo, mukabwezera m'mbuyo kuti mumvetse anyezi wapserera, mukatsitsa mpoto batire yatha.

Nanga kalongonda? Mwezi wa Okutobala mumakwera malole kupita kwa Chonde ku Mulanje kuchikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, mumadya kalongonda, mumajambulitsa muli ndi mbale m'manja, n'kulemba pansi pake kuti chikhalidwe chathu. Ndani mwa inu angamuphike? Kalongonda si nyemba wamba zoti wateleka, wapita kukacheza. Amafuna kuwiritsa, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo wofupikitsa njira amaledzeretsa banja lonse popanda mowa, mitu ili zungulizunguli, pena mpaka maliro. Chinangwa chowawa nachonso chili ndi malamulo ake a kaviikidwe. Makaka, futali, thobwa wa mawere, chigwada chotendera, zonsezi zili m'mutu mwa anganga anu ndi anzawo a msinkhu wawo, ndipo mitu imeneyi, pepani anganga, si ya muyaya. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mukuyembekeza kuti abwerenso amayi atatu a kunja adzakulembereni kaphikidwe ka kalongonda?

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho chigamulo changa nachi, ndipo apilo kulibe. Thiranki yachitsulo ili pansi pa bedi langa ndiitsegula mawa. Wobwereka buku azilemba dzina lake m'kope, asambe m'manja asanaligwire, asapinde tsamba, asalisiye pakhonde mbuzi zili pafupi. Tchuthi chino, madzulo alionse tikatha kudya, mmodzi aziwerenga mutu umodzi mokweza, mosinthana, kuyambira wamkulu, mafoni onse ali m'lichero pamwamba pa kabati. Iwe wa pa Ndata, poti ndiwe wasayansi, ugule kope latsopano ukhale pansi ndi anganga ako, ulembe za kalongonda kuyambira kumunda mpaka m'mbale, ndipo usawadule mawu akamazungulira. Iwe mlongo wake upite kwa agogo a kuseri kwa mjigo aja, amene anathyola tiyi moyo wawo wonse, uwatengereko shuga pang'ono, uwafunse za chaka chimene analembedwa ntchito ndi zimene ankalandira. Zengerezu analinda kwawukwawu, muyambe sabata ino.

Ndipo amene anang'amba masamba omaliza a Njala Bwana n'kukolezera mbaula adziulule yekha ndisanayambe kuitana mmodzimmodzi, pakuti ndikumudziwa, ndipo akuyang'ana pansi panopa. Ameneyo akwera minibasi wa ku Limbe kukasaka lina ndi ndalama yake ya bandulo. Tsopano wina andithirire tiyi, kukhosi kwauma, shuga masupuni atatu, anganga anu asaone.